Kamera Ikutsika, Foni Ikukwera

Chinthu choyamba chomwe filimu ya Parasite imakuonetsa ndi masokosi. Masokosi ochapa, opanidwa pa kahang'ala kozungulira, akulendewera kutsogolo kwa windo. Kuseri kwa windolo kuli kamsewu ka mumzinda wa Seoul, dzuwa likuwala, anthu akungodziyendera. Koma ukayang'anitsitsa uona kuti windoli lili ndi vuto: msewu wayambira pomwe pathera galasi. Phula lili pa msinkhu wa maso ako. Munthu akamayandikira panjapo, zomwe zikudzaza windo ndi miyendo yake.

Piyano ikulira chapansipansi, dzina la filimu likutuluka m'zilembo za Chikoreya, kenako kamera iyamba kutsika. Msewu ukuchoka, masokosi akuchoka, kuwala kukuchepa, ndipo pansipo tikupeza mnyamata atakhala, mutu uli zyoli pa foni. Dzina lake ndi Ki-woo. Mawu ake oyamba ndi dandaulo: mayi wokhala pamwamba pawo waika pasiwedi pa Wi-Fi, ndiye intaneti yaulere yathera pompo.

Mpaka pano palibe watifotokozera kalikonse. Komatu tadziwa kale kuti banjali likukhala kuti, likudya chiyani, ndipo likulowera kuti. Filimuyi ndi ya maola awiri ndi mphindi 12, koma ine ndimati yonse ili m'kutsika kwa kamera kumeneku. Zotsalazo n'kungotambasula.

Kwa amene simunaimvepo: Parasite ndi filimu ya ku South Korea yomwe inatuluka mu 2019. Anaiwongolera ndi Bong Joon-ho, ndipo wogwira kamera anali Hong Kyung-pyo. Inapata mphoto yaikulu ya Palme d'Or ku Cannes chaka chomwecho, kenako mu February 2020 inatenga ma Oscar anayi, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse. Aka kanali koyamba kuti filimu yosakhala ya Chingerezi itenge mphoto imeneyi. Nkhani yake ndi ya banja losauka la a Kim lomwe likulowerera mmodzimmodzi, mwachinyengo, kukagwira ntchito m'nyumba ya banja lolemera la a Park. Ndikuchenjezeretu, anzanga, mathero ndiwatchulako. Amene simufuna kuuzidwa, kaonereni kaye, mundipeza.

Tiyambe ndi windo lija. Nyumba ya a Kim ndi ya mtundu womwe ku Korea amati banjiha, kutanthauza kuti theka lake lili pansi pa nthaka. Nyumba zoterezi zili ndi mbiri yake. Mu January 1968, asilikali 31 a ku North Korea anazemba n'kulowa mu Seoul kuti akaphe pulezidenti Park Chung-hee. Analephera, koma mantha anatsala. Mu 1970 boma linasintha malamulo a zomangamanga kuti nyumba zatsopano zizikhala ndi zipinda zapansi zothawiramo nkhondo ikabuka. Poyamba kuchititsa lendi zipindazi kunali koletsedwa. Koma anthu atachuluka mumzinda m'zaka za m'ma 1980, nyumba zitasowa, boma linaloleza. Dzenje lobisalamo masiku angapo linasanduka pakhomo pa munthu.

Bong wakhala akufotokoza pocheza ndi atolankhani kuti chomwe chinamukoka pa banjiha ndi maganizo a munthu wokhalamo. Uli pansi, inde, koma dzuwa limalowako pang'ono, ndiye umadziuza kuti ukadali kumtunda. Nthawi yomweyo uli ndi mantha akuti ukatsetsereka pang'ono, ulowa pansi penipeni. Chithunzi choyamba chija chagwira zonse ziwirizi. Windo ladzaza ndi kuwala, koma m'mphepete mwake monse muli mdima. Chiyembekezo chilipo, chochepa, chongokwana kuti munthu asathawe.

Onaninso komwe kamera yaima. Ili mkati mwa nyumba. Bong akanatha kuyambira kumwamba, kutionetsa mzinda wonse, nyumba zosanja zonyezimira, kenako n'kutsikira kudera la osauka ngati mlendo wodzagawa thandizo. Mafilimu ambiri onena za umphawi amayamba choncho, ndipo woonera amakhala ngati bwana wachifundo. Apa ayi. Tisanadziwe n'komwe dzina la munthu, taikidwa kale m'chipinda chawo, ndipo dziko tikulionera m'munsi ngati iwo. Pambuyo pake akadzayamba kunama ndi kuchotsetsa anzawo ntchito, zivuta kuti tiwaweruze, chifukwa tinayambira nawo limodzi m'dzenjemo.

Nanga masokosi? Munthu angati ndi zongokometsera kuti nyumba ioneke yokhalamo anthu. Koma dzifunseni chifukwa chomwe apachikidwira pawindo. Ndi pokhapo pamene pamafika dzuwa ndi kamphepo. Aliyense amene anayanikapo zovala m'nyumba nthawi ya dzinja akudziwa fungo lomwe zimatuluka nalo, lachinyontho, losamva sopo. Ndipo fungo ndi lomwe lidzagwetse banjali. Kamwana ka a Park, Da-song, kadzanunkhiza dalaivala watsopano ndi mayi wantchito watsopano n'kunena kuti akununkha mofanana. A Kim adzaganiza zosintha sopo wochapira, koma mwana wawo wamkazi Ki-jung adzawauza zoona: vuto si sopo, ndi nyumba yapansiyo, ndipo fungolo silingachoke asanasamukemo. Kamera siingajambule fungo. Ndiye Bong anapachika masokosi pa chithunzi choyamba, mphuno zathu zidziwiretu.

Tsopano kutsika kuja. Filimuyi inajambulidwa pa chithunzi chotambalala kwambiri, chomwe m'lifupi mwake muposa kawiri msinkhu wake. Chithunzi chotere chimakonda zigwa, nyanja ndi magulu a asilikali. Kuchigwiritsa ntchito pa nkhani ya kumtunda ndi kunsi kukuoneka ngati kusankha molakwika, pakuti pamwamba ndi pansi sizingakwane nthawi imodzi. Koma nzeru yake ili pomwepo. M'nyumba ya a Kim chithunzichi chimapanikiza anthu, denga lili pamutu, onse anayi athithikana mzere umodzi. Ndipo kamera ikafuna kutionetsa zomwe zili m'munsi, iyenera kusiya zomwe zili kumtunda. Kuti tione Ki-woo, tiyenera kutaya msewu ndi dzuwa. Kutsika sitikungokuona, tikukumva m'thupi, ngati mmene mtima umachitira minibasi ikatsetsereka pamtunda.

Kamera itangomaliza kutsika, anthu a m'nyumbamo ayamba kukwera. Ki-jung akuuza mchimwene wake kuti ayese manambala otsatizana ngati pasiwedi, zikukanika. Mayi wawo, Chung-sook, akugwedeza ndi phazi mwamuna wake Ki-taek, yemwe wagona pansi, n'kumufunsa kuti pulani yake ndi yotani poti mafoni atsekedwa ndipo Wi-Fi yapita. Bamboyo akudzuka n'kupereka uphungu umodzi wokha womwe ali nawo: mwanawe, kweza foni m'mwamba. Ki-woo akuyenda m'kanjira kopanikizika ka m'nyumbamo, dzanja lili m'mwamba, kufufuza ngodya iliyonse ya denga. Netiweki akukaipeza kuchimbudzi, ya malo ena ogulitsira khofi apafupi.

Chimbudzi chimenechi chili pa nsanja, pafupi ndi denga. M'nyumba zambiri za banjiha zimakhaladi choncho, chifukwa pansi pa nyumba pamakhala potsika kuposa mapaipi a zonyansa, ndiye chimbudzi chiyenera kukwezedwa kuti madzi azitha kutuluka. Choncho malo okwera kwambiri m'nyumba ya a Kim, komwe dziko lakunja limawafikira, ndi pachimbudzi. Ki-woo ndi Ki-jung akukwera n'kunjuta pamenepo, mitu itagunda denga, nkhope zikuwala ndi mafoni. Ukuseka, ndipo uyenera kuseka. Koma chithunzicho chikunena kuti ngakhale zonyansa za mzindawu zimayenda pamwamba pa banja limeneli.

Mayi akufuna intaneti pa chifukwa chimodzi: akudikira uthenga wa ganyu yopinda makatoni a pizza. M'Chikoreya akutchula KakaoTalk, koma Darcy Paquet, yemwe analemba mawu a Chingerezi oyenda pansi pa filimuyi, anaika WhatsApp kuti akunjafe timve msanga. Ndipo tinamvadi.

Ine ndinamva kwambiri, mwina kuposa mmene ndikanafunira. Nditamaliza digiri ndinakhala chaka ndi miyezi ingapo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya azakhali anga. Netiweki m'kachipindamo inkalowa mwa apo ndi apo. Pomwe inkagwira bwino panali pa mulu wa njerwa zotsala, pafupi ndi mpanda. Makalata anga ambiri ofunsira ntchito anatumizidwa nditaima panjerwapo, dzanja lili m'mwamba, ndikupempherera kuti bandulo isathe fayilo isanapite. Azakhali ankandiona ali pakhonde. Tsiku lina anandifunsa, osati mwaukali, "Nanga iwe, ndiye zikhala bwanji?" Ndinayankha kuti, "Zitheka azakhali, ndikudikira andiyankhe." Anangoti "Chabwino," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Choncho pamene Ki-taek akuti kweza foni, ine sindimva nthabwala yokha. Ndimamva malangizo onse omwe m'badwo wathu unakula nawo. Limbikira sukulu. Lemba kalata ina. Gogoda pena. Malangizowa si abodza, ndipo otipatsawo amatikonda. Koma ndi malangizo a dzanja, pamene vuto lili pomwe mapazi aponda. Ki-woo analemba mayeso olowera kuyunivesite kanayi osalowa. Satifiketi yomwe akukalowera nayo kwa a Park ndi yabodza, ya Yonsei University, yomwe mchemwali wake wamupangira pa kompyuta. Akuuza bambo ake kuti iye sakuiona ngati yabodza, poti chaka chamawa adzalowadi kuyunivesiteko, wangofulumira kuisindikiza. Yanga inali yeniyeni, ya chidindo, ili m'envulopu pansi pa matiresi. Komabe tonse awiri tinkaima chimodzimodzi, dzanja m'mwamba.

Pali zina ziwiri m'mphindi zoyambirirazi zomwe kamera ikungodutsapo osaima nthawi yaitali. Pakhoma pali chithunzi cha Chung-sook ali mtsikana, akuponya chitsulo cholemera pa mpikisano wa masewera, ndi mendulo yake ya siliva. Banjali silinabadwire pansi. Linali ndi mphamvu, linali ndi luso, linatsika. Pambuyo pake tidzamva kuti Ki-taek anayesapo mabizinesi, ya nkhuku ndi ya makeke, n'kugwa. Chachiwiri, bamboyu akudya buledi patebulo ndipo akuthothola kachilombo ndi chala. Kachilomboko musakaiwale.

Ganyu yabwera, onse anayi akhala pansi kupinda makatoni. Panja pakudutsa munthu wopopera mankhwala ophera tizilombo mumsewu. Ki-jung akuti atseke windo. Bambo akukana: lisiyeni, tipopereredwe ulere, tizilombo ta m'nyumba muno tife. Utsi woyera ukukhuthukira mkati kudzera pawindo lomwe lija. Onse akutsokomola, maso akuwawa. Ki-taek yekha sakuphethira, akupitiriza kupinda, maso ali pa kanema wa pafoni wa mayi wina wopinda makatoni mwaliwiro. Kamera ikukhala pankhope pake utsi ukumukuta. Dzina la filimuyi m'Chikoreya ndi Gisaengchung, kachilombo kokhalira kuyamwa thupi la china, monga njoka za m'mimba. Ndiye funso likubwera lokha popanda wolifunsa: mankhwala aja akupopera ndani? Munthu yemwe wathothola kachilombo posachedwapa tsopano ali mu utsi womwewo, m'dzenje lomwelo.

Windo lomwe linatipatsa dzuwa latipatsa utsi. Madzulo ake litipatsa chidakwa chokodza pakhoma banjali likumwa mowa wotchipa kukondwerera kuti mafoni atsegulidwa. A Kim amaonera windoli ngati TV yomwe alibe limoti yake. Chilichonse chomwe msewu wataya chimatsikira kwa iwo. Amene mwaonera filimu yonse mukudziwa chomwe chidzalowe pawindopo usiku wa mvula.

Apa ndiyenera kutchula mwala. Mnzake wa Ki-woo, Min, akubwera ndi mphatso ya mwala wokongoletsera nyumba womwe amati umabweretsa chuma. Ki-woo akuunyamula mwaulemu n'kulengeza kuti mwalawu ndi fanizo lakuya zedi. Mayi ake akung'ung'udza kuti bola akanabweretsa chakudya. Ndikaona pamenepa ndimaseka chifukwa Bong akugemula anthu ngati ine, ophunzira omwe timasaka tanthauzo pa chilichonse. Chizindikiro chomwe chalengezedwa mokweza ndi chomwe chidzaphwanye mutu wa mnyamatayo. Zizindikiro zomwe zikunena zoona, masokosi, chimbudzi, msinkhu wa phula, palibe m'filimumo amene akuzitchula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti muone kuti kutsika koyamba kuja sikunangochitika, onerani tsiku lomwe Ki-woo akupita kwa a Park. Akukwera msewu wotsetsereka pakati pa mipanda italiitali. Geti likutseguka, akukwera masitepe, kamera ikukwera naye, ndipo dzuwa likumuthira m'maso pa kapinga wobiriwira. Nyumbayi nayo ili ndi windo lotambalala, koma ili ndi khoma lonse la galasi, ndipo likuonetsa mitengo ndi thambo. Palibe mwendo wa munthu wodutsa. Nyumba ziwirizi zinachita kumangidwa pofuna filimuyi, pansi pa mmisiri Lee Ha-jun, ndipo Bong amadziwika kuti amajambula pa pepala chithunzi chilichonse asanayatse kamera. Iye amatchulanso The Housemaid ya Kim Ki-young, ya mu 1960, ngati filimu yomwe inamuphunzitsa mphamvu ya masitepe. Usiku wa mvula, Ki-taek ndi ana ake akuthawa kwa a Park n'kutsika masitepe, kutsikanso, kutsikanso, madzi akuthamanga nawo limodzi, mpaka kukapeza nyumba yawo itamira. Ki-jung akukhala pachimbudzi chija chikulavula zonyansa, n'kuyatsa ndudu. Bambo ake akupulumutsa mendulo. Ulendo wonsewu ndi kutsika kwa kamera koyamba kuja, kungoti tsopano akuyenda ndi miyendo.

Nthawi zina ndimadzifunsa kuti filimu yotere ikanajambulidwa kwathu kuno, kamera ikanayenda bwanji. Sindikhulupirira kuti ikanatsika. Ku Lilongwe ikanayenda chammbali, kuchoka ku Area 47 kulowa ku Mtandire, kutsata mpanda wa njerwa mpaka pomwe phula lathera. Ku Blantyre mwina ikanakwera, chifukwa ambiri osowa malo anamanga m'mphepete mwa phiri la Soche, komwe matope a namondwe Freddy anakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe mu March 2023. Phunziro lomwe ndimatengapo pa Parasite si lakuti osauka amakhala pansi. Ndi lakuti mzinda uliwonse uli ndi mzere wake wogawa anthu, ndipo wojambula wabwino amaupeza mzerewo n'kuyendetsa kamera moudula. Bong anaupeza wa ku Seoul. Wathu ukudikira mwini kamera.

Filimuyi ikutha ndi chithunzi chomwe inayamba nacho. Ki-taek wabisala m'chipinda chobisika pansi pa nyumba ya olemera ija, pansi penipeni tsopano, popanda ndi windo lomwe. Ki-woo akumulembera kalata yomuuza pulani yake: adzapeza ndalama zambiri, adzagula nyumbayo, ndipo bambo adzangokwera masitepe n'kutuluka. Tikuzionadi zikuchitika, dzuwa lili phwee pa kapinga, bambo ndi mwana akukumbatirana. Bong akanatha kuthera pamenepo, tonse tikanatuluka mitima ili m'malo. Koma chithunzi chikusintha. Windo lija. Ndi usiku, kunja kukugwa chipale. Kamera ikutsika monga poyamba, ndipo ikupeza Ki-woo atakhala pamalo omwe aja, m'manja muli kalata m'malo mwa foni.

Mnyamatayo akunena za kukwera, kamera ikutsika. Pakati pa awiriwa, filimu yatiphunzitsa kale woti timukhulupirire. Izi zimandipweteka, chifukwa Ki-woo si waulesi ndipo si chitsiru. Ndikanakonda kamera ikanamunamizako. Koma ndikudziwanso mafilimu ndi maulaliki angati omwe anandiuza kuti dzanja likakwera mokwanira netiweki igwira, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inandilemekeza ngati mmene chithunzi ichi chimachitira. Sichikumunyoza mnyamatayo chifukwa cholota. Chikungokana kutibisira pomwe wakhala.

Pa 8 August 2022, zaka ziwiri ndi theka chilandirireni ma Oscar aja, ku Seoul kunagwa mvula yoopsa. Kudera la Sillim-dong madzi anadzaza nyumba ya banjiha ndipo anthu atatu a banja limodzi, amayi awiri apachibale ndi mtsikana wa zaka 13, anafera momwemo. Akuluakulu a mzindawo analengeza kuti asiya kuloleza nyumba zoterezi ndipo zomwe zilipo azithetsa pang'onopang'ono. Nthawi imeneyo mabanja okhala m'nyumba zapansi mu Seoul anali pafupifupi 200,000. Nyuzipepala za m'maiko ambiri zinafotokoza nyumbayo poifanizira ndi ya mu Parasite, poti dziko linali litaliona kale windo lotere, kuchokera mkati.

Mukadzaionera, kapena kuioneranso, mutembenuze foni chammbali kuti chithunzi chidzaze. Muona kuti windo la a Kim latenga pafupifupi galasi lonse la foni yanu, ngati kuti mwaligwira m'manja. Musathamangitse mayina oyambirira aja. Dikirani masokosi, dikirani piyano, kenako mutsike nayo kamera.